Kodi kiyibodi ya laputopu amazimitsira pati?

Ndili ndi funso loti ana a sukulu akhoza kundiseka nalo, koma ndifunsabe. Pa laputopu pali pochepetsera mawu mpaka kuti zii. Pali pozimitsira intaneti. Ngakhale kabwalo kaja timasisita ndi chala kuti kamuvi kayende pa sikirini, malaputopu ambiri ali ndi batani lokagonekera. Nanga kiyibodi, imene imagwidwa tsiku lonse, imenenso imayamba kudwala zinzake zili bwinobwino, pozimitsira pake anaika pati? Ndayang'ana m'mbali, ndatembenuza kunsi, ndafunsa anthu ophunzira. Onse amayamba chimodzimodzi: "Zimatheka, koma..."

Laputopu yanga ndi ya pa kaunjika, monga ambiri amene mungawaone m'timaofesi ta pa Boma la Mulanje ndi pa Chitakale. Inatumikira kaye munthu wina kutsidya kwa nyanja isanafike m'manja mwanga. Ndimasungamo maina a alimi a m'kalabu yathu ya tiyi, makilogalamu amene aliyense wapereka pa sikelo, ndi makalata a kumpingo. Sindiipempha zambiri. Koma m'nyengo ya chiperoni, mtambo utakuta phiri, zovala zikukana kuuma pa chingwe, inayamba kulemba yokha. Ndikatsegula tsamba loyera, mzere wa aaaaaaa unkanyamuka kumanzere, kufika kumapeto, kutsikira mzere wina, manja anga ali m'thumba. Poika pasiwedi ndiye panali ntchito: ndisanadine kanthu, kabokosi kadzaza kale timadontho. Mnansi wanga atasuzumira anati mizimu ya ku Sapitwa yayamba kuphunzira kutaipa, ndipo yayambira pa chilembo choyamba.

Chinandipweteka n'chakuti wopengayo anali A. Pamwamba pake penipeni pali Q, chapafupi m'munsi pali X, zilembo zimene Chichewa sichizidziwa n'komwe. Izo zili gwa, zathanzi, penti yake sinafufutike n'pang'ono pomwe. Koma A, amene popanda iye sungalembe ngakhale dzina la amayi ako, ndiye wasokonezeka mutu. Kodi matenda a makina amasankha?

Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta pa Chitakale. Asanagwire sikuludilaiva anayamba wayesa zinthu ziwiri, akuti ambiri amabwera akulira pomwe makina awo sakudwala. Ena amakhudza Num Lock mosadziwa, ndiye pa malaputopu ang'onoang'ono J, K ndi L zimasanduka 1, 2 ndi 3, pamene U, I ndi O zimatulutsa 4, 5 ndi 6. Ena mwana amatsamira Shift ya kumanja kwa masekondi 8, n'kuyatsa zimene amati Filter Keys, kiyibodi n'kuyamba kunyalanyaza munthu akamadina mofulumira. Yanga sinali m'gulu limeneli.

"Madala, munamwerapo tiyi pafupi ndi makinawa?"

"Achimwene, funso limenelo mungafunse munthu wa ku Mulanje?"

Anaseka, n'kutulutsa m'katoni kiyibodi yakufa ya munthu wina, n'kuisenda ndikuona. Ine ndinkaganiza kuti batani lililonse lili ndi waya wakewake. Ayi ndithu. Kunsi kuli timapepala ta pulasitiki topyapyala tosanjikizana, tojambulidwa tinjira totuwa topitamo magetsi. Pa kapepala kapamwamba pali tinjira take, pa kapansi palinso take, ndipo pakati pali kapepala kachitatu ka zibowo koletsa awiriwo kukhudzana. Ukadina batani, kamphira kali pansi pake kamakanikiza, njira yapamwamba ndi yapansi zimakumana pa bowo, makina n'kudziwa kuti wadina chilembo chakuti. Madzi akalowa pakati pa timapepalati amakumanitsa njirazo popanda chala cha munthu, kapena amazidya mpaka kuduka. Ndipo poti njira imodzi imatumikira mabatani angapo, ikaduka amafa pagulu. Pa kiyibodi imene anasendayo ndinaona ndi maso anga banga lofiirira, m'mphepete mwake tinjira titada bii, ndi nyerere ziwiri zouma.

Ndinafunsa kuti nanga madzi sauma? Iye anati madzi amauma, koma shuga sapita kulikonse. Amatsala momwemo, ndipo chinyontho cha chiperoni chikabwera amanyowanso n'kuyambiranso ntchito yake. Ndinafunsa za kuika makina mu mpunga, poti ndimamva anthu akutero. Anati, "Mpungawo phikani mudye, madala. Ikathiridwa madzi, zimitsani pompo, chotsani chaja, itembenuzeni chafufumimba, musaiyatse." Malangizo abwino, koma ofika maliro ataikidwa kale.

Anandigulitsa kiyibodi yapadera yolowetsa pa USB, yotsika mtengo, mabatani ake akuluakulu okoma kudina. Ndinabwerera kunyumba ndikuti nkhani yatha. Ndinailumikiza, ndinalemba dzina la mlimi woyamba, linatuluka bwino. Ndili pa dzina lachiwiri, A uja anatulukira pakati pa mawu. Apa ndiye pamene mutu wanga unaima. Makinawa akuona kuti ndawapatsa kiyibodi yatsopano. Akuilandira, akulemba zimene ndikudina. Nanga yakaleyo akuimveranjinso? Ndinauzidwa kuti kompyuta siisankha: makiyibodi awiri, atatu, onse imawamva ngati pakamwa pamodzi, moti ukagwira Shift pa ina n'kudina chilembo pa inzake, chimatuluka chachikulu. Zodabwitsa ndithu, koma sizinandithandize.

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za makompyuta ku Blantyre, anabwera pa holide. Anati, "Amalume, iyi ndi ya mphindi zisanu." Anatsegula malo otchedwa Device Manager, m'mene muli mndandanda wa ziwalo zonse za makina. Pansi pa mutu wakuti Keyboards panali maina awiri: HID Keyboard Device, imene ndi yatsopano ija, ndi Standard PS/2 Keyboard, wodwala wathu. Anandionetsa kuti pa ziwalo zina, monga kamera, ukadina batani la kumanja la mawusi pamabwera mawu akuti Disable device, kutanthauza kuti chiwalocho chigone mpaka mwini wake adzachidzutse. Pa kiyibodi yathu mawu amenewo panalibe. Panali akuti Uninstall device okha. Anadina amenewo, dzina lija linachoka pa mndandanda, ndipo madzulo amenewo ndinalemba kalata yonse ya kumpingo mwamtendere.

M'mawa nditayatsa, aaaaaaa.

Mwana wa mlongo wangayo sanadabwe. Anati Windows ikamadzuka imawerenga ziwalo zake, ndipo ikapeza china chilipo koma chilibe kapulogalamu kochiyendetsa, imakabwezeretsa yokha osafunsa munthu. Ndinamva msanga, chifukwa ndi zimene timachita ndi tiyi. Ukadulira tchire la tiyi limaoneka ngati lafa, zitsa zokhazokha, koma mizu ili pansi, ndipo pakapita nthawi laphukira kuposa kale. Ife tinangodulira, sitinazule.

Koma chifukwa chiyani anabisa pogonekera? Yankho limene ndinapatsidwa ndi lanzeru, sindikana. Kiyibodi ikanakhala yozimitsika ndi kudina kumodzi, mwana wosewera kapena munthu wamkulu wosadziwa akanaizimitsa, makina n'kufunsa pasiwedi, mwini wake n'kusowa polembera. Chabwino. Komabe mnyamata yemweyo anandionetsa kuti pa tsamba lofunsa pasiwedi, pakona ya kumanja m'munsi, pali kachizindikiro kotulutsa kiyibodi yojambulidwa pa sikirini, yodina ndi mawusi. Ukalowa m'kati imatulukanso ukagwira mabatani a Windows, Ctrl ndi O pamodzi. Ndiye ngati khomo lina lilipo kale, mantha otsekeredwa kunja akuchokera kuti? Sakanangofunsa kuti, "Mwatsimikiza?" monga amafunsira ndikafuna kutaya kalata? Pa kalata amandikhulupirira. Pa kiyibodi ayi.

Njira yachiwiri inali yoletsa kuphukira kuja. Muli buku la malamulo m'kati mwa Windows, lotsegula polemba gpedit.msc, m'mene ungalembe nambala ya chiwalo n'kulamula kuti chimenechi chisadzabwezeretsedwenso. Mnyamata analemba, makina anati sakulidziwa bukulo. Akuti limapezeka mu Windows ya mtundu wa Pro, ya m'makampani, pamene yanga ndi ya mtundu wa Home. Apa ndinangoti kukamwa yasa. Kampani kiyibodi ikafa imaitana munthu kudzaika ina tsiku lomwelo. Wofuna kugoneka kiyibodi yodwala n'kupitiriza ntchito ndi munthu ngati ine. Ndiye mankhwala anakawasunga kwa amene sadwala matendawo?

Njira yachitatu ndi imene inandipatsa mafunso ochuluka. Anatsegula kawindo kakuda kotchedwa Command Prompt, koma anati tiyenera kukatsegula ngati administrator. Ndinafunsa kuti ameneyo ndani, tikamupeza kuti.

"Ndinu nomwe, amalume."

"Ndiye makinawa, amene ndinagula ndi ndalama zanga za tiyi, masiku onsewa amanditenga ngati mlendo?"

"Amakutengani ngati mwini wake, koma pa zinthu zoopsa amafuna munene kuti mwabwera ngati mwini wake."

Tinadikira A apume kaye, poti amapumira, ndipo mnyamatayo analemba mwachangu mawu awa: sc config i8042prt start= disabled. Anandichenjeza kuti pambuyo pa chizindikiro cha = pamakhala mpata, koma patsogolo pake ayi; ukalakwitsa pamenepo makina amakana. Anandilembera papepala kuti tsiku lofuna kuidzutsa ndidzalembe mawu omwewo, koma liwu lomaliza lidzakhale demand. Tinazimitsa, tinayatsa. Kiyibodi yakale inali chete.

Ine chidwi changa chinatsalira pa i8042prt. Dzina lotani limeneli? Anandifotokozera kuti mu 1984 kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yotchedwa PC/AT, ndipo m'kati mwake munali kachipangizo ka Intel, nambala yake 8042, kamene ntchito yake inali kumvetsera kiyibodi. Mu 1987 IBM yomweyo inatulutsa makompyuta a PS/2, aja anabweretsa timabowo tozungulira tolowetsamo kiyibodi ndi mawusi, timene tinkaona kumbuyo kwa makompyuta akale a m'maofesi, kena kofiirira kena kobiriwira. Ndinawerenga zaka. Mu 1984 Kamuzu anali pampando, makalata a pa Boma ankalembedwa pa taipi, ndipo mayi ake a mnyamata amene amandiphunzitsayu anali asanakwatiwe. Laputopu yanga si yakale choncho. Ndinafunsa ngati kachipangizo ka 1984 kali m'katimo. Anati ayi, kanasiya kuikidwa kalekale. Muli kena, kamene kamayang'aniranso batire ndi fani, koma kakafika pa nkhani ya kiyibodi kamadziyesa 8042, kuyankha monga ankayankhira 8042, kuti mapulogalamu onse olembedwa kuyambira nthawi imeneyo asasokonezeke. Ndiye kuti makina opyapyala awa, onyezimira awa, ukafuna kuwalamula zenizeni uyenera kuwaitana ndi dzina la agogo awo? Ndinapeza kuti zimenezi zokha ndiye ndikuzimvetsa bwino.

Koma dzina la agogo lili ndi mtengo wake. Nditasisita kabwalo ka chala, kamuvi sikanasunthe. Akuti 8042 uja kuyambira pa PS/2 ankasamala ziwiri, kiyibodi ndi mawusi, ndipo pa malaputopu ambiri akale kabwalo ka chala kamadutsa khomo lomwelo. Watseka khomo, watsekera onse awiri. Pa malaputopu ena atsopano kabwaloko kali ndi njira yake ndipo sikakhudzidwa. Pa enanso kiyibodi yeniyeniyo siidutsa kwa 8042, moti mawu aja ungalembe mpaka dzuwa kulowa osasintha kanthu. Kwa ine zinatanthauza kugulanso mawusi. Ndipo munthu amene angalembe mawu amenewa alibe kiyibodi ina ndi mawusi pambali, ameneyo ndiye wadzitsekera kunja zenizeni.

Pali njira inanso imene anyamata ena amachita, yonamiza makina powapatsa dala kapulogalamu ka kiyibodi yolakwika kuti yakeyo isagwire. Mwana wa mlongo wanga anati asaone ndikuyesa, chifukwa makina ena akanamizidwa choncho amakana kudzuka, amangoonetsa sikirini yabuluu. Anatinso pa Linux, imene amagwiritsa ntchito kusukulu kwawo, ambiri amangolemba xinput list, n'kupeza kiyibodi ya m'kati pa dzina lakuti AT Translated Set 2 keyboard, n'kuigoneka ndi mzere umodzi mpaka makina adzazimitsidwe. AT yemwe uja wa 1984. Kulikonse kumene ungapite, agogo ndi omwewo.

Mtendere unakhalapo, koma osati wonse. Masiku ena ndikangoyatsa, Windows isanabwere, makina ankalira tiii tiii tiii osaleka, mpaka nkhuku kuthawa pakhonde. Ndinaimbira foni mnyamata uja atabwerera ku Blantyre. Ndinati tinaigoneka ija, ikulira bwanji? Anati lamulo lathu tinauza Windows, koma Windows isanadzuke pamakhala wina woyamba kudzuka, wotchedwa BIOS, amene amayendera ziwalo zonse, ndipo ameneyo za lamulo lathu sazidziwa. Akapeza batani lodinidwa osasiyidwa, amadandaula. Ndinafunsa kuti m'makina amodzi muli mabwana angati. Anati ndibwerere pa Chitakale akazule.

Kuzulako ndinaonerera. Mnyamata wa pa Chitakale anachotsa chaja, anachotsa batire, anamasula tizomangira tingapo kunsi n'kutiika m'chivindikiro cha botolo kuti tisatayike. Ndi kapulasitiki kopyapyala anatsegula timano togwira kiyibodi m'mphepete, n'kuinyamula pang'onopang'ono osaikoka. Kunsi kwake kunali kalamba kamodzi kopyapyala, kotambalala ngati zala ziwiri, kolowa m'kabokosi koyera kokhala ndi kachitseko kakuda. Anakweza kachitsekoko ndi chikhadabo, kalamba kanatuluka kokha. Anakulunga nsonga yake ndi tepi, anabwezera kiyibodi pamalo pake kuti fumbi lisalowe, anamanga. Ntchito yonse siinafike nthawi yophika nsima. Kenaka anadzutsa 8042 uja ndi mawu a papepala aja, kabwalo ka chala kanayambanso kugwira.

Ndinamufunsa kuti bwanji sanachite zimenezi tsiku loyamba. Anati tsiku loyamba ndinkafuna kiyibodi yolembera, sindinanene kuti ndikufuna yakaleyo isiye kulankhula. Anawonjeza kuti ine ndili ndi mwayi, chifukwa batani langa loyatsira lili palokha pamwamba. Pa malaputopu ambiri atsopano batani loyatsira lili pakati pa mabatani a kiyibodi, pa kalamba komweko. Ukakazula, makina sayakanso. Ndipo ena kiyibodi anaimatirira ku chivindikiro chonse chapamwamba, moti kuti uifike uyenera kutulutsa m'mimba monse. Ndinafunsa ngati atsopanowo ndi amene amati abwino kuposa akale. Anati inde, ndi opepuka.

Ndiye ndakhala ndikudzifunsa kuti amene amapanga makinawa, akamajambula, amaona nkhope ya yani? Ndikuganiza kuti amaona munthu amene kiyibodi ikafa Lolemba, Lachiwiri yafika ina pakhomo, kapena amene amangogula laputopu ina, yakaleyo n'kuiponya mu kontena yobwera kuno. Kwa munthu wotero, pozimitsira kiyibodi n'chinthu chopanda ntchito. Ife kuno kuti tipeze kiyibodi ya m'kati tiyenera kukwera minibasi ya ku Limbe, kaya ya Midima kaya yodzera ku Thyolo, makilomita oposa 60, titanyamula nambala ya mtundu wa makina, imene kapepala kake kunsi kanafufutika mwini woyamba asanaigulitse. Ukafika, wa sitolo amaiyang'ana, n'kukuuza kuti imeneyi palibe, mwina ibwera ndi katundu wa ku Joni kapena ku Dubai, uyeserenso mwezi wamawa. Uwerenge thiransipoti kupita ndi kubwera, kawiri. Ndani sangasankhe ya pa USB? Pitani m'masukulu, m'mashopu osindikiza makalata a maliro ndi a ukwati, pa Limbuli mpaka ku Muloza, muone malaputopu angati akugwira ntchito kiyibodi ina itakhala patsogolo pake kapena pamwamba pake penipeni. Anthu onsewa palibe anawaganizirapo kabatani kamodzi?

Tsopano popita ku msonkhano wa kalabu ndimanyamula laputopu, chaja, ndi kiyibodi yaitali imene imatulukira m'chikwama, moti a kabaza amafunsa ngati ndayamba kuimba kwaya. Kuika pamiyendo sikuthekanso, pamafunika tebulo. Alimi anzanga amati bola maina awo akutuluka bwino, A ali m'malo mwake, osachuluka osachepa.

Kiyibodi yatsopanoyi ndaiyang'anitsitsa, batani ndi batani. Q alipo, X aliponso, pamalo omwe anakhala kuchokera pa mataipi akale a Remington. Koma ŵ wa kachipewa, amene ena timalembabe m'dzina la dziko lathu, palibe. Mwana wa mlongo wanga akuti mu Word ndizilemba 0175 kenaka n'kugwira Alt ndi X pamodzi, atuluka. Ndinayesa, anatulukadi. Ndiye kuti X uja ntchito yake kwa ife ndi imeneyi?